Chivundikiro cha poto ndi ntchito yotchera khutu kuthambo

Chivundikiro cha poto chikapulumuka m'manja n'kugwera pasimenti, sichikhala chete nthawi yomweyo. Chimayamba chavina kaye cham'mbali, mwaulesi, ngwe, ngwe, ngwe, kenako chimafulumira, mawu ake n'kumakwera, ngwengwengwe, mpaka chimangoti phwa, m'nyumba monse zii. Munthu amene wakulira pafupi ndi khitchini safunika kuchiona. Ali kuchipinda amadziwiratu kuti chagwacho n'chivundikiro cha sefuliya yaikulu ya nsima kapena n'kambale ka ndiwo, chifukwa chachikulu chimalira ndi besi pomwe kakang'ono kamalira kamawu kakuthwa.

Pa 14 September 2015, kutatsala mphindi zochepa kuti ikwane 12 koloko masana, wasayansi wachinyamata wa ku Italy, Marco Drago, anali padesiki yake mumzinda wa Hannover ku Germany pamene imelo inalowa. Inatumizidwa ndi pulogalamu ya pakompyuta imene imasefa zonse zimene makina awiri a LIGO, omwe ali ku America, akumva usana ndi usiku. Atatsegula anaona kamzere kokhotakhota kamene kanayamba motakasuka, n'kumapanikizana, n'kumatalika, kenako n'kuduka. Zonsezo zinatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Kamzere kameneko mukakasandutsa mawu kamalira ngati chivundikiro chija, kunjenjemera kuyambira ka 35 pa sekondi mpaka ka 250. Chimene chinagwa kumeneko anali ma black hole awiri, lina lolemera ngati madzuwa 36, linalo ngati madzuwa 29, amene ankazungulirana mpaka kugundana n'kusanduka chinthu chimodzi. Black hole ndi chotsala cha nyenyezi yaikulu imene inafa n'kudzikwinyira pamalo ochepa kwambiri, moti ngakhale kuwala kukalowamo sikutulukanso. Kugundanako kunachitika zaka pafupifupi 1.3 biliyoni zapitazo, ndipo nthawi yonseyo uthenga unali pa ulendo.

Nditamufotokozera nkhaniyi mwana wa mchemwali wanga, mtsikana wa Fomu 4 amene masamu amawakhoza bwino, za ma black hole sanazifunse n'komwe. Iye anati, "Amalume, ndiye anthu amenewa amawalemba ntchito ndani? Nanga sukulu yake amapita kuti?" Ndinamuyankha mwachidule tsikulo, koma funsolo linandikhala pamtima, chifukwa ana athu ambiri amamva za sayansi ngati nkhani ya anthu ena obadwa ndi mitu yapadera. Ndayambira dala pa Drago. Sanali pulofesa. Anali postdoc, kutanthauza munthu amene wangomaliza PhD ndipo ali pa kontirakiti ya zaka zochepa. Makinawo anali kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, iye chida chake chinali kompyuta basi. Pepala lolengeza zimene anapezazo litatuluka pa 11 February 2016, linali ndi mayina a anthu opitirira 1,000. Mphotho ya Nobel ya 2017 inapita kwa atatu, Rainer Weiss, Barry Barish ndi Kip Thorne, koma ukondewo unakokedwa ndi khamu.

Tiyambe ndi chimene amamvetseracho. Anthu anayi agwire chitenje m'makona n'kuchikunga. Pakati pake muikepo dzungu, chitenje chilowa m'kati, ndipo ndimu mukaliika m'mphepete ligubudukira kudzunguko. Albert Einstein anati mphamvu yokoka imene imagwetsa mango pansi ndi kusunga mwezi pamalo pake imagwira ntchito chonchi: chinthu cholemera chimapinda malo amene chakhalapo. Mu 1916 anawonjezera kuti zolemera ziwiri zikamathamangitsana pachitenjepo, makwinya amayenda mpaka kukafika m'manja mwa ogwira aja. Makwinya amenewa ndiwo pa Chingerezi amati gravitational waves, mafunde a mphamvu yokoka. Akamadutsa amatalikitsa mtunda mbali imodzi n'kuufupikitsa mbali inayo, ndipo amadutsa m'phiri, m'nyumba ndi m'thupi mwanu osaima.

Nanga mungayeze bwanji kuti msewu watalika, pamene chingwe choyezeracho nachonso chatalika? Tumani ana awiri a liwiro lofanana ku mijigo iwiri ya mtunda wofanana, wina kum'mawa, wina kumpoto. Tsiku lililonse amabwerera pakhomo limodzi. Tsiku lina mmodzi akachedwa ndi phazi limodzi pamene liwiro lake silinasinthe, ndiye kuti njira yake inatalika. LIGO ndi zomwezo. Ana aja ndi kuwala kwa laser kogawidwa pawiri, njira zawo ndi mipope iwiri ya makilomita 4 uliwonse, yopopedwa mpweya wonse, yolumikizana ngati chilembo cha L, ndipo mijigo ndi magalasi amene amabweza kuwalako. Kutalika kumene amayeza n'kochepa kuposa kachidutswa ka mkati mwa atomu kotchedwa proton. Eni ake amakonda kunena kuti zili ngati kuyeza mtunda wokafika ku nyenyezi yoyandikana ndi dzuwa, osaphonya ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi.

Apa ndiye pagona ntchito yambiri, chifukwa kumvetsera chinthu chotere kuli ngati kufuna kumva udzudzu muli m'chigayo. Makina a ku Livingston, m'boma la Louisiana, ali pakati pa nkhalango imene amadulamo mitengo, ndipo mtengo ukagwa nthaka imanjenjemera. Sitima ya pamtunda ikadutsa imamveka. Mafunde a m'nyanja akamamenya gombe kutali amamveka. Chivomerezi cha kutsidya lina la dziko chimaimitsa ntchito kwa maola. Ku Hanford, m'boma la Washington, nthawi ina kunkabwera kaphokoso kosadziwika m'masiku otentha. Anthu anafufuza mpaka anapeza kuti ndi akhwangwala aludzu amene ankajompha madzi oundana pamipope yozizira ya panja. Munthu wina analipidwa kuti apeze akhwangwala amenewo, ndipo ntchito yakeyo inali sayansi yeniyeni. Magalasi aja, lililonse lolemera makilogalamu 40, amalendewera pa ulusi wagalasi wosakwana theka la milimita kunenepa kwake, luso limene linakulira pa University of Glasgow ku Scotland. Ndipo makinawo anawamanga awiri, motalikirana makilomita 3,000, pa chifukwa chimene mfumu iliyonse imachidziwa pabwalo: mboni ziwiri zimene sizinakumane zikanena chimodzi, mlandu wapezeka mutu. Mu 2015 fundelo linafika ku Livingston, n'kufika ku Hanford patapita magawo 7 mwa magawo 1,000 a sekondi.

Khutu lili ndi vuto limodzi. Usiku kukaphulika chinthu, onse m'mudzi amadzuka, koma akafunsana amangoti, "Zamveka cha kumadzulo, kutsidya kwa mtsinje." Nyumba yeniyeni sadziwa. Pamafunika anyamata atenge matochi athamangire komweko, pamafunika wina aone utsi, wina abwere ndi uthenga wapakamwa. Nkhani imamveka bwino amithenga akachuluka. Izi ndizo amati multi-messenger astronomy: kumva chinthu chimodzi cha kuthambo kudzera mwa amithenga osiyana, mafunde aja, kuwala kwa mitundu yonse, ndi tizidutswa totchedwa neutrino.

Tsiku limene zinatheka mokwanira linali 17 August 2017. Ulendo uno kulirako kunatenga masekondi pafupifupi 100 ndipo kunakwera kwambiri, chizindikiro choti chagwa ndi kambale kakang'ono: nyenyezi ziwiri za neutron, iliyonse yolemera kuposa dzuwa koma yaing'ono ngati mzinda umodzi. Patangopita masekondi 1.7, setilaiti ya NASA yotchedwa Fermi inaona kung'anima kwa kuwala kwamphamvu kwa gamma. Makina achitatu, a Virgo, omwe ali ku Cascina pafupi ndi Pisa ku Italy, anali atangoyamba kumvetsera limodzi ndi LIGO pa 1 August, ndipo tsikulo anamva pang'ono zedi. Kusamvako kunathandiza. Zili ngati mnansi wamakutu abwino amene akuti, "Ine sindinamve kanthu," inu mukudziwa kuti nyumba yake ili kuseri kwa chulu. Pompo mwadziwa mbali imene phokoso lachokera. Kachigawo ka thambo koti afufuzemo kanachepa, uthenga unapita kwa akatswiri a zakuthambo padziko lonse, ndipo onse anadikira kuti dzuwa lilowe ku Chile. Patatha maola pafupifupi 11, telesikopu yaing'ono yotchedwa Swope, ya galasi la mita imodzi yokha, ku Las Campanas, inajambula kadontho kowala kamene kale kunalibe, m'mphepete mwa mlalang'amba wa NGC 4993, pamtunda umene kuwala kumayenda zaka 130 miliyoni. Amene anakaona koyamba pachithunzipo, Charles Kilpatrick, nayenso anali postdoc.

M'masiku otsatira matelesikopu pafupifupi 70, apansi ndi a mumlengalenga, analoza pamalo omwewo. Imodzi mwa iwo inali SALT ya ku Sutherland ku South Africa. Kadonthoko kanayamba kobiriwira ngati thambo, m'masiku ochepa n'kufiira, ndipo kusinthako kunasonyeza kuti pamoto umenewo pankaphikidwa zitsulo zolemera za mtundu wa golide ndi platinamu. Pepala lofotokoza zonse pamodzi linasainidwa ndi anthu opitirira 3,000. Patangotha milungu isanu, pa 22 September, makina a IceCube, omwe ndi maso 5,160 okwiriridwa m'madzi oundana ku South Pole, anagwira neutrino imodzi yamphamvu, matelesikopu n'kuilondola phazi mpaka ku mlalang'amba wotchedwa TXS 0506+056. Chaka chilichonse IceCube imalemba anthu awiri oti akagonere komweko nyengo yonse yozizira, miyezi ya mdima wokhawokha, akuyang'anira makompyuta. Imeneyonso ndi ntchito ya m'munda uno.

Ndikafuna kuti mwana wa mchemwali wangayu aone mmene anthu masauzande amagawanira ntchito imodzi, ndimamukumbutsa usodzi wa usipa wa chilimira. Woima pagombe m'mawa amangoona nsomba, koma taganizani amene agwirapo. Pali osoka ukonde masana onse pamchenga, ndi makaniko amene amadziwa kutsokomola kulikonse kwa injini. M'sayansi iyi amenewo ndi mainjiniya ndi akatswiri a zida: a magalasi ndi laser, a zamagetsi, a mapampu ochotsa mpweya, owotcherera zitsulo, ndi amene amakhala m'chipinda choyendetsera makina mosinthana mashifiti usiku ndi usana. Ambiri mwa iwo sanaphunzire za nyenyezi n'komwe. Anaphunzira uinjiniya, ndipo popanda iwo palibe chimene chingamveke.

Pali siginala, amene amapita patsogolo ndi nyali pabwato lake n'kunena kuti ponyani apa. Ameneyu ndi wosanthula data, monga Drago. Luso lake ndi la mayi kusikelo: ana makumi asanu akulira nthawi imodzi, iye ali panja, koma wake akangoyamba amadzuka, chifukwa kaliridwe kake ali nako kale m'mutu. Makompyuta a LIGO amasunga kaliridwe ka mitundu masauzande mazanamazana, ka ma black hole aakulu ndi aang'ono, ozungulira ndi osazungulira, n'kumayerekezera ndi phokoso limene likulowa. Chikafanana, chenjezo limatuluka m'mphindi zochepa kudzera pa njira ya NASA yotchedwa GCN. Apa m'pamene pali malo ambiri a achinyamata masiku ano, chifukwa zogwidwazo zachuluka. Poyamba chinali chimodzi chodabwitsa dziko. Pano zinapitirira kale 200, ndipo chilichonse chimafuna munthu woti achiyeze kulemera, mtunda ndi kazunguliridwe.

Pali alovi okoka ukonde siginala akaitana, ndiwo akatswiri a pamatelesikopu amene foni ikalira pakati pausiku amasiya zonse. Ndipo pali akuluakulu odziwa nyanja, amene amayang'ana mwezi ndi mphepo ya mwera n'kunena za mawa. Amenewa ndi a masamu, olemba kaliridwe kaja chinthucho chisanamveke. Masamu a Einstein a ma black hole awiri ogundana anakanika makompyuta kwa zaka makumi angapo, mpaka mu 2005 pamene Frans Pretorius, wobadwira ku Johannesburg, anapeza njira yowathetsera. Pakanapanda ntchito ya mtundu umenewo, zikanavuta kwambiri kunena motsimikiza kuti kamzere ka Drago kanali madzuwa 36 ndi 29.

Tsono njira yake. Imayambira pa masamu ndi fizikisi ya kusekondale, ndipo apa palibe chidule. Kenako digiri yoyamba ya zaka zinayi kapena zisanu: fizikisi, masamu, kompyuta kapena uinjiniya. Digiri yolembedwa kuti ya zakuthambo siifunika pa siteji imeneyi. Fizikisi ya ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Mzuzu University, uinjiniya wa ku MUBAS kapena ku MUST, fizikisi ya ku University of Zambia, zonsezi ndi maziko okwanira ngati munthu wakhoza bwino ndipo waphunzira kulemba mapulogalamu a pakompyuta, makamaka m'chiyankhulo cha Python. Pamwamba pake pamabwera masters ya chaka chimodzi kapena ziwiri, kenako PhD, imene ku Ulaya imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ku America zisanu kapena zisanu n'chimodzi. Chimene makolo ambiri sadziwa n'chakuti pa PhD ya sayansi yotere wophunzira nthawi zambiri salipira fizi. Amalandira ndalama ya mwezi ndi mwezi, ndipo m'mayiko ngati Netherlands amasaina kontirakiti ngati wantchito wina aliyense. Si ndalama yomangira nyumba, koma munthu amadya, amalipira lendi, amatumizako kangachepe kumudzi.

PhD imafanana kwambiri ndi uspanaboyi wa pagalaja. Suphunzira pomvera nkhani, umaphunzira uli pansi pa galimoto, bwana akukuuza kuti bweretsa sipanala ya 13. Ndipo mnyamata wanzeru sasankha galaja poona chikwangwani chokongola. Amafunsa kuti makaniko wake ndi wotani, amaphunzitsa kapena amangotuma, anyamata amene anadutsa m'manja mwake ali kuti lero. Chimodzimodzi posankha pulofesa wokuyang'anira. Dzina la yunivesite limathandiza, koma zaka zinayi udzakhala ndi munthu, ndiye funsa ophunzira ake akale usanavomere. Magulu akuluakulu a ntchitoyi ali ku Caltech ndi MIT ku America, kumene LIGO imayendetsedwa. Ku Hannover ndi Potsdam ku Germany, kumene Max Planck Institute ili ndi sukulu ya PhD yolandira ophunzira a mayiko onse. Ku Glasgow, Cardiff ndi Birmingham ku Britain. Ku IUCAA mumzinda wa Pune ku India. Komanso m'mayunivesite a ku Australia amene ali mu mgwirizano wa OzGrav. Caltech imatenganso ophunzira a digiri yoyamba kwa milungu 10 ya tchuthi pa pulogalamu ya LIGO SURF.

Kudumpha kuchoka ku Zomba kukagwera ku Hannover n'kovuta, ndipo sikuti mutu ndi umene umachepa. Pulofesa wa kumeneko amalandira makalata ambiri, ndipo sadziwa kuti magiredi a sukulu yathu awayeze ndi muyeso uti. N'chifukwa chake pali miyala yopondapo powoloka. AIMS, sukulu ya masamu imene Neil Turok anayambitsa mu 2003 ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town, ndipo pano ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda, imapereka masters kwa ophunzira a mu Africa yense, osankhidwawo osalipira malo ogona, chakudya kapena fizi. Aphunzitsi ake amachokera m'mayunivesite a padziko lonse, ndiye kalata yokuchitira umboni imalembedwa ndi munthu amene dzina lake likudziwika kumene ukupitako. ICTP ya ku Trieste ku Italy, imene Abdus Salam anakhazikitsa mu 1964, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi yokonzekeretsa ophunzira a mayiko osauka kulowa PhD. Ku South Africa kuli NASSP, imene kuyambira 2003 imaphunzitsa honours ndi masters ya zakuthambo. Masikolashipu a Commonwealth amafikanso kwa Amalawi ndi a ku Zambia ofuna kukaphunzira ku Britain. Malamulo ndi masiku otsekera amasintha chaka ndi chaka, choncho aliyense awerenge yekha pa tsamba la eni ake, asadalire zomva.

Maganizo anga ndi akuti kwa mwana wa kuno khomo lapafupi lili kumwera. Mu Africa mulibe makina a mtundu wa LIGO. Ena otere, a KAGRA, ali pansi pa phiri ku Kamioka ku Japan, a ku India akumangidwa m'boma la Hingoli. Koma khutu likamva, pamafunika maso, ndipo theka la thambo limaoneka bwino kuchokera kumwera kwa dziko. Ku Sutherland kuli SALT. Ku Namibia kuli H.E.S.S., yoona kuwala kwa gamma. Ku Karoo kuli MeerKAT, madishi 64 omvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, amene anatsegulidwa mu 2018 ndipo adzalowa mu SKA, telesikopu yaikulu imene ikumangidwa ku South Africa ndi ku Australia. MeerKAT imasakanso mafunde a mphamvu yokoka mwa njira yakeyake. Kuthambo kuli nyenyezi zotchedwa pulsar zimene zimaphethira mosaphonya ngati wotchi. Tiyerekeze atambala a midzi makumi asanu ndi atatu amene amalira pa nthawi yake ndendende. A kum'mawa akayamba kufulumira onse pamodzi, a kumpoto n'kumachedwa, ndiye kuti atambala alibe mlandu, chasuntha ndi dziko limene mwaimapo. Mu June 2023 magulu a ku America, Ulaya, India, Australia ndi China analengeza zizindikiro za mafunde aatali oterewa, ndipo gulu la MeerKAT linatulutsa zake mu December 2024. Mayiko 8 a mu Africa ndi abwenzi a South Africa pa SKA: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. M'mayiko amenewa pulogalamu ya DARA, yotsogozedwa ndi University of Leeds, yakhala ikuphunzitsa achinyamata luso la matelesikopu a wailesi. Wowerenga wa ku Chipata kapena ku Tete ali pafupi ndi khomo limeneli kuposa wa ku Dedza. Malawi palibe pamndandandawo, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Ndingamulakwire mwanayu nditabisa zowawa zake. Akamaliza PhD, munthu amakhala postdoc zaka ziwiri kapena zitatu, kenako kontirakiti ina kudziko lina, mwina yachitatunso. Katundu amakhala m'sutikesi, maliro akumudzi amamupeza ali kutali, banja limayamba mochedwa kapena limakhala pawiri. Mipando ya uphunzitsi wokhazikika ndi yochepa kuyerekeza ndi omaliza PhD, moti ambiri amatuluka n'kukagwira ntchito m'mabanki, m'makampani a mapulogalamu, a zanyengo, a zida zachipatala. Ine sindiwaona ngati olephera. Munthu amene waphunzira kupeza udzudzu m'chigayo akhoza kupezanso chinyengo m'mabuku a ndalama kapena chizindikiro cha chilala m'manambala a mvula, ndipo dziko lathu likusowa anthu otere.

Chinanso ndi kudikira. Rainer Weiss analemba mapulani a makinawa mu 1972, n'kudzamva kulira koyamba patapita zaka 43. Ronald Drever wa ku Scotland, mmodzi mwa oyambitsa LIGO, anamwalira mu March 2017, miyezi yochepa Nobel isanalengezedwe. Mwayi ngati wa August 2017, womva ndi kuona nthawi imodzi, unatha zaka zambiri osabwereranso ngakhale anthu ankagona ndi foni kumutu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudikira komweko ndiko kumene kukutsegulira malo ana a lero. Bungwe la European Space Agency linavomereza mu January 2024 ntchito ya LISA, masetilaiti atatu omvera mafunde omwewa, otalikirana makilomita 2.5 miliyoni, oti adzaulutsidwe cha m'ma 2035. Ku Ulaya akukonza Einstein Telescope, ya pansi pa nthaka, ya mikono ya makilomita 10. Ku America akulingalira Cosmic Explorer, ya makilomita 40. Mtsikana amene ali Fomu 4 chaka chino, akayenda bwino, adzakhala akumaliza PhD nthawi imene makina amenewa azidzafuna manja. Asaope kuti ndi mtsikana kapena kuti kwawo n'kutali. Amene analankhulira gulu lonse la LIGO pa tsiku lolengeza mu 2016 anali Gabriela González, amene digiri yoyamba anaitengera ku Córdoba ku Argentina. Nergis Mavalvala anakulira ku Karachi ku Pakistan, anasula luso lake pa zida za LIGO, ndipo mu 2020 anakhala mkulu wa sukulu ya sayansi ku MIT.

Chimene chimandilimbitsa mtima kwambiri n'chakuti nyanja iyi ilibe mpanda. Zimene LIGO, Virgo ndi KAGRA amamva amaziika poyera pa intaneti, pa Gravitational Wave Open Science Center, ndipo aliyense akhoza kutenga kwaulere. Chaka ndi chaka amachititsa maphunziro otchedwa Open Data Workshop, amene munthu amatsatira ali kwawo, ndipo zoyeserera zake zimatheka pa Google Colab, kutanthauza kuti laputopu yakale ikwanira malinga pali bandulo ndi magetsi. Amene sanayambe Python akhoza kuyambira pa Gravity Spy, pa tsamba la Zooniverse, pomwe anthu wamba amathandiza kusankhula maphokoso achabe a m'makinawo poyang'ana zithunzi, monga mmene timasankhulira miyala mumpunga. Pulofesa amene walandira makalata makumi asanu onena kuti "ndimakonda nyenyezi kuyambira ndili mwana" amaima pa kalata imodzi imene ikuti ndinatenga data ya tsiku lakuti, ndinaisefa motere, chithunzi chake ndi ichi, apa ndi pamene ndakakamira. Kugombe nakonso amayamba kukweza m'boti mnyamata amene amuona kale akusoka ukonde.

Choncho iwe mwana wa mchemwali wanga, ndi inu nonse a msinkhu wake, mayeso akatha musadikire kalata yochokera kunja. Pemphani laputopu kwa aphunzitsi kapena kwa achibale, phunzirani Python mwezi umodzi, kenako lowani pa tsamba lija mufufuze dzina loti GW150914. Mupeza kafayilo ka masekondi 32, komwe kali ndi kamzere kamene Marco Drago anaona tsiku lija. Kasefeni, kasandutseni mawu, muvale mahedifoni, mudzimvere nokha.